Kamalaya Kosapinda M'munsi

Ndikukumbukira kutentha kwa chipinda chimene tinkaphunziriramo zosoka. Chinali chofolera ndi udzu, mazenera ake anali mabowo chabe, ndipo dzuwa la m'chigwa cha Luangwa likafika paliwombo m'mwezi wa Okutobala, singano inkaterera m'zala chifukwa cha thukuta. Nsalu yoyera imene wapatsidwa m'mawa, pofika masana inali ndi zidindo za zala zako paliponse. Kunja nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya mpaka m'makutu kuchita kuwawa.

Zimenezi zinali m'zaka za m'ma 1950, boma lathu likadali ku Lundazi. Sekondale m'chigwamo munalibe, ndipo mtsikana akafika Sitandade 6 anthu ankati wamaliza sukulu yonse ya pansi pano. Tinalipo atsikana owerengeka, otha msinkhu kale, ena amuna akuwadikira kumudzi ngati mmene munthu amadikirira mango kuti apse. Ine kwathu kunali kwa Kambombo. Popita ku sukulu ya mishoniyo tinkayenda pansi, bokosi pamutu, kugona m'njira, maso ali pa ndowe za njovu kuti tione ngati zili zatsopano.

Amene ankatiphunzitsa za pakhomo anali mayi wina wa kwa Chikwa, a NyaZimba, koma ife tinkangoti a Misitiresi. Anali aafupi, oonda, osakonda kuseka, ndipo pachala ankavala kachisoti kachitsulo kokankhira singano. Kachisotiko kankagwira ntchito ziwiri, yachiwiriyo inali pamitu pathu. Anatiphunzitsa kuchapa, kusita ndi simbi ya makala, kuzira nyumba, kuwiritsa madzi akumwa. Anatiphunzitsanso kuphika keke mumphika, makala pansi makala pamwamba, ngakhale tonse tinkadziwa kuti ufa wa tirigu tidzaumvera m'nyimbo tikabwerera kumudzi. Tsiku lina tinathera m'mawa wonse kuphunzira mbali yoika foloko patebulo, pomwe m'mudzi mwathu monse munalibe tebulo ngakhale limodzi. Panalinso chidole cha diso limodzi chimene tinkachisambitsa m'beseni mosinthana. Chidole chimenecho chinasamba kuposa mwana aliyense wa m'chigwa.

Zonsezi tinkazichita mosekerera chamumtima. Koma tsiku limene a Misitiresi anayala bafuta patebulo n'kunena kuti aliyense adule kamalaya ka mwana wakhanda, kusekerera kuja kunatheratu. Ankati ndi ntchito ya mayeso, ndipo dona wachizungu woyendera masukulu adzabwera kudzaiona. Tinapenyana. Paja akuluakulu amati sagula mbereko mwana asanabadwe, ndipo kwathu mawu amenewa sanali mwambi chabe. Linali lamulo. Kukonzera chovala munthu amene sanafike kunali kumulaula, kumuitanira tsoka asanaone n'komwe dzuwa.

Kwa anzanga nkhaniyi inali ya manyazi basi. Kwa ine inali ya mantha. Amama anali oyembekezera. Pambuyo panga anabereka ana atatu, ndipo onse atatu sanatuluke m'chikuta, nyumba ija imene mayi amabindikiramo ndi khanda mpaka mchombo utagwa. Ankabadwa bwinobwino, kuyamwa masiku angapo, kenako n'kusiya kuyamwa, kansagwada kuuma, kathupi kuthifukira kumbuyo. Khanda lotere silinkaliridwa maliro. Amayi okhaokha ankalinyamula m'mamawa kupita nalo kuthengo, n'kubwerako ali chete, mawa lake n'kumasinja ngati palibe chachitika. Ine ndinali mwana yekhayo wa m'nyumba mwathu. Tsono ndikhale pansi, ndidule bafuta, nsalu yomwe ija timakulungira akufa, n'kusokera mwana?

Anzanga atatuluka ndinatsalira, ngati ndikutola singano zakugwa. Ndinawauza a Misitiresi zonse, maso ali pansi, ndikudikira kachisoti kaja pamutu. Sikanabwere. Anakhala pabenchi pafupi nane, chinthu chimene sankachita, n'kundiuza kuti iwonso anakwatiwapo. Pamene anali ndi pakati anasoka zonse zimene anaphunzira kwa madona, timalaya, tizipewa, matewera, n'kuzisita, n'kuziika m'bokosi monyadira. Mwana anafika ali chete, wopanda moyo. Abale a mwamuna atatsegula bokosilo sanafunenso kumva china, ndipo ukwati unathera pomwepo. Ankanena zimenezi mawu ali phee, akuyang'ana kunja.

"Ine sindikhulupirira kuti nsalu ipha mwana," anatero. "Koma ndidziwa kuti anthu akhulupirira, ndipo iwe ukakhala ndi anthu, osati ndi ine. Manje tamvera. Usoke khosi, usoke manja, koma m'munsi usapinde. Chinthu chosatha si chovala, ni nsalu chabe. Mwana akatuluka m'chikuta, ndiye upinde."

Mawa lake analamula kalasi yonse chimodzimodzi. Tinasoka timalaya tathu mwezi wathunthu. Msoko ukakhota ankaumasula wonse n'kukubwezera nsalu. Kanga ndinakasoka ndi mtima wonse, ndipo sindibisa, ndinayamba kukakonda. Pakhosi ndinaikapo timaluwa ta ulusi wofiira. Ndikakayala pabondo ndinkaona timanja tikutuluka m'mabowomo, kenako n'kudzidzudzula kuti ndisaganize zimenezo.

Dona woyendera masukulu atabwera, ananyamula kamalaya kalikonse ndi zala ziwiri, n'kupeza konse ulusi uli lendelende m'munsi. Anafiira nkhope. Chizungu chathu chinali chochepa, koma munthu akamakalipiridwa sipafunika womasulira. A Misitiresi anaima manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu, osayankha, osafotokoza. Dona atakwera njinga yake n'kupita, a Misitiresi anatiuza kuti tisunge timalayato bwinobwino, aliyense aike kake m'bokosi mwake, n'kupitiriza phunziro la kuchotsa madontho a mafuta pa nsalu.

Tinatsekera sukulu mvula yoyamba itagwa. Ndinafika kwathu njira ili matope okhaokha, fungo la dothi lonyowa lili ponseponse, anthu ali kalikiliki kubzala chimanga ndi mapira. Amama ndinawapeza atatopa kwambiri, mapazi atatupa, akudzuka pamphasa mogwira khoma. Adada anali ku migodi, ndipo pakhomo ankalamula ndi alongo awo, amene kwathu timati ankhazi. Ankhazi anga anali mayi wamtali, wa mawu okuluwika, amene akakuyang'ana unkayamba kukumbukira zolakwa zako zonse. Analinso mzamba. Ana atatu aja anawalandira ndi manja awo, ndipo ndi manja omwewo anawanyamula kupita nawo kuthengo. Panthawiyo ndinkangowaopa. Kuti nawonso anali ndi bala ndinadzazindikira nditakula.

Kamalaya kaja ndinakabisa pansi pa bokosi, kunsi kwa yunifolomu. Koma mwana wa sukulu akabwera, aliyense amadziwa kuti m'bokosi mwake muli kachidutswa ka sopo. Tsiku lina ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza ankhazi ataima pabwalo, bokosi lili chitsegukire, kamalaya kali m'manja mwawo. Amama anali pakhonde, akusankha mpunga m'lichero. Tinkayankhula Chisenga, koma ndiziika m'Chinyanja mmene ndingathere.

"Esinati, n'chiyani ichi?"

Ndinatula mtsuko, ndinagwada, n'kufotokoza kuti ndi ntchito ya kusukulu, ndiponso kuti si chovala ayi chifukwa m'munsi simunapindidwe. Ndinanena monga momwe a Misitiresi ananenera, koma pabwalo lathu mawuwo anamveka opepuka ngati mankhusu. Ankhazi anakatambasula m'mwamba. Anati chinthu chili ndi khosi, chili ndi manja, nanga chikhale chiyani, thumba la mchere? Sanakuwe. Anafunsa ngati kusukuluko amatiphunzitsa kuwerenga manda a m'nyumba mwathu, ndiponso ngati atatu anandichepera.

"Ka bafuta," anatero, akukagwedeza pang'ono. "Wamusokera kale nsalu yopitira. Manje mvera. Uyu akatsatira anzake, kusukulu kuja sudzapondako. Ndidzauza adada ako ndekha kuti mwana wawo anabwera ndi chiyani m'bokosi."

Anatembenuka kulunjika kumoto. Apo amama anaika lichero pansi, n'kudzuka movutikira, n'kutambasula dzanja. Anati choipa cha mwana wawo akataya okha, ndipo moto wophikira si malo ake, akakaponya kumtsinje madzi akapite nako. Ankhazi anawapatsa. Ndinawaona amama akutsetsereka ndi kanjira ka kumadzi pang'onopang'ono, dzanja lina lili m'chiuno, osandicheukira. Anabwerako manja ali lende. Za kamalayako sanandiuze kanthu, kundikalipira ayi, kunditonthoza ayi, ndipo kukhala chete kwawoko kunandipweteka kuposa mawu onse a ankhazi.

Masiku otsatirawo ndinagwira ntchito ngati bulu. Ndinkalima, kusinja, kutunga, kutola nkhuni, poganiza kuti mwina thukuta lingafafanize zimene ndachita. Kusukulu ndinaphunzira kuti nsalu siipha, ndipo mutu wanga unkavomereza. Koma mtima unali wa kwa Kambombo. Amama akangobuula potembenuka, ndinkasiya zonse n'kuthamangira pomwe ali. Ndinkapemphera pemphero la mwana, loti Mulungu asawerengere kamalayako popeza kanali kosatha.

Matenda a uchembere anawayamba amama m'mawa wina kukuwaza mvula. Amayi a m'mudzi anasonkhana m'nyumba, chitseko n'kutsekedwa. Mtsikana wosakwatiwa sankaloledwa ngakhale kusuzumira, choncho ntchito yanga inali ya panja, kusonkha moto pansi pa nkhokwe ndi kutereka madzi. Dzuwa litakwera ankhazi anatulutsa mutu n'kundituma kuti ndikang'ambe kabango kakuthwa ndi kukonza kaluzi. Ndinadziwa ntchito yake. Kabango n'kodulira mchombo, kaluzi n'komangira. A Misitiresi ankatiuza mobwerezabwereza, chidole chija chili m'manja, kuti chilichonse chokhudza mchombo wa khanda chiyambe chawira m'madzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuponya zonse ziwiri mumphika wobwadamuka. Ndinazivuula ndi timitengo, n'kuzipereka pa tsamba la nthochi. Ankhazi anang'ung'udza kuti mwana wa sukulu satha ngakhale kusunga luzi kuti lisanyowe, koma nthawi yokafuna lina panalibe.

Masana ndinamva kulira kwa khanda. Panalibe nthungululu. M'nyumba zina mwana akabadwa amayi ankaimba, koma kwathu anali ataimbapo katatu. Mayi wina anatuluka kudzataya madzi, n'kundinong'oneza kuti amama achira, mwana ndi wamwamuna.

Ndiye kunayamba kudikira. Sindinaonepo masiku otalika ngati amenewo. Chakudya ndinkasiya pakhomo pa chikuta, wina n'kuchilowetsa. M'mawa uliwonse ndinkasesa kuseri kwa nyumbayo, pomwe panali poyera kale, kuti ndimve ngati mwana akulira ndiponso ngati akumeza. Ndinali nditaphunzira kusiyanitsa kulira kwa njala ndi kulira kwina kuja kopyapyala, kumene ndinakumvapo kale. Akakhala chete nthawi yaitali ndinkaima ndi tsache m'manja, osapuma. Ankhazi akatuluka ndinkawerenga nkhope yawo, koma nkhope ya ankhazi inali yosawerengeka. Nawonso anaonda masiku amenewo. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atangokhala, manja ali m'masaya, ndipo atandiona anandikalipira kuti nkhuni zatha, pomwe zinali mulu.

Za sukulu ndinali nditaziiwala. Ndikanapatsidwa mwayi wosankha, ndikanawotcha bokosi ndi mabuku omwe kuti mwanayo angoyamwa.

Mchombo unagwa. Ankhazi anadikirabe masiku ena, chifukwa mmodzi mwa atatu aja anapita mchombo utagwa kale. Kenako m'mawa wina kutacha bwino, mvula itakata, anazira nyumba, anameta khanda, n'kulisambitsa m'mankhwala ake. Amayi anasonkhana pabwalo. Amama anatuluka akuphethira chifukwa cha kuwala, atayezuka, mwana ali m'manja. Anali wamng'ono, wofiira, wamakwinya ngati nkhalamba, ndipo ankayamwa mwaukali ngati wina akufuna kumulanda. Ankhazi anamutcha Komani, dzina lonyoza imfa limene kwathu ankapatsa mwana wotsatira akufa, ngati kunena kuti iphaninso tione.

Anthu atayamba kubalalika, amama anandiitana kuti ndikhale pamphasa pafupi nawo. Anandiuza kuti ndikatenge singano ndi ulusi. Ndinaganiza kuti chitenje chawo chang'ambika. Nditabwera nazo, anapisa dzanja m'chiuno, kunsi kwa nsalu, n'kusolola kanthu kopindapinda, kothimbirira ndi thukuta ndi utsi. Anakatambasula pabondo. Timaluwa tofiira tija tinali pomwepo, ulusi uli lendelende m'munsi.

Ankhazi, amene anali chapafupi akukhuthula madzi, anaima chilili.

"Kumtsinje ndinafika," anatero amama, akusalaza kamalayako ndi chikhatho. "Dzanja linakana. Atatu aja anapita opanda kanthu, m'masamba. Ndinati uyu akakhala, avala. Akapita, apite atavala cha mlongo wake."

Apo ndiye ndinalira, kulira kumene ndinakusunga chifikireni kuchokera kusukulu. Masiku onse aja ine ndikusesa kuseri kwa nyumba, amama anali atagona m'chikuta ndi kansaluko m'chiuno, osadziwa kuti kadzagwira ntchito iti mwa ziwirizo.

Ankhazi anayang'ana amama, anayang'ana mwana, n'kutula mphika pansi. Ndinkadikira chimphepo. Anatola kamalayako, anakatembenuza kunsi, n'kuyendetsa chikhadabo pamsoko monga ankachitira a Misitiresi. Anati misoko ndi yowongoka, koma amene anandiphunzitsa sanaonepo khanda la m'chigwa, chifukwa m'kamalayamo mukanalowa ana awiri. Kenako anandiponyera pamiyendo.

"Pinda manje," anatero. "Ukuyembekeza chiyani? Wafika."

Ndinakachapa kaye, ndinakayanika pa udzu, ndipo dzuwa la kwathu silichedwa. Ndinapinda m'munsimo nditakhala pamphasa pomwepo, misozi ikutchinga maso. Unali msoko woipa kuposa yonse imene ndinasokapo, ndipo a Misitiresi akanaumasula wonse. Anamuveka ndi ankhazi okha, akulowetsa timanja m'mabowo mosamala, uku akudandaula kuti zinthu za kusukulu n'zovuta. Kamalayako kanamufika kumapazi.

Sukulu itatsegulira ndinabwerera, ndipo anandiperekeza mpaka kowolokera ndi ankhazi omwewo, bokosi langa lili pamutu pawo. Nditawauza a Misitiresi zonse, anangogwedeza mutu n'kufunsa ngati ndinasita ndisanamuveke. Ndinati ayi. Kachisoti kaja kanandipeza pamutu, koma mopepuka, ndipo anatembenukira kuzenera nthawi yaitali.

Patapita zaka inenso ndinakhala mphunzitsi wa za pakhomo, ndipo dziko litalandira ufulu ndinaphunzitsa m'masekondale mpaka kupuma ntchito. Kumaphunziro ndiko ndinamva dzina la matenda amene anatenga abale anga atatu, kafumbata, ndi kuti amalowera pamchombo. Kodi anapulumutsa Komani ndi mphika wowira uja? Mwina. Ankhazi anamwalira akunena kuti ndi mankhwala atsopano amene anakatenga kwa Chifunda. Amama sankatsutsa aliyense. Ine ndimangodziwa kuti Komani lero ndi nkhalamba ya imvi, ili ndi zidzukulu, ndipo imakana kwamtuwagalu kuti inavalapo malaya a maluwa.

Masiku ano zinthu zinasintha. Atsikana ndi anyamata omwe amaphunzira za pakhomo m'zipinda za simenti, pa makina osokera, ndipo sindikudandaula. Mayi woyembekezera akapita kusikelo amauzidwa kuti akonzeretu chikwama, zitenje, beseni ndi tizovala, ndipo amakagula pamsika masana dzuwa likuswa mtengo, osaopa diso la munthu. Ana ambiri akutuluka m'chikuta, ndipo mawu oti chikutawo adzukulu anga sawadziwa. Ndimathokoza. Komabe zaka zonse zimene ndinaphunzitsa, tikafika pa kamalaya ka khanda, ndinkayamba ndayang'ana nkhope za ana anga, chifukwa pankapezeka mmodzi amene wangoti chete, maso pansi, singano osaigwira. Ameneyo sindinkamufunsa pagulu. Ndinkamuuza kuti atsalire anditolere singano.

Mdzukulu wanga wamkulu ali woyembekezera tsopano, ndipo nyumba yake yadzaza kale ndi zovala za m'sitolo. Inenso ndamusokera kamalaya, pamanja, maso akuvuta chomwechi. Kali m'bokosi mwanga. M'munsi sindinapinde.